Masamba Opanda Maliro

Amayi anga adafa chifukwa cha ulemu. Anthu akandifunsa ndimayankha choncho, iwo n'kumayesa ndikunyoza. Sindinyoza ayi.

Lidali Lachinayi m'mwezi wa Meyi, chaka cha 1947, msika wa fodya wa pa Msundwe utangotsegulidwa. Amayi, aTisiyenji, ankachokera kuchitsime atasenza mtsuko, akuyenda m'mphepete mwa msewu waukulu wochoka ku Lilongwe kupita ku Fort Manning. Kutsogolo kwawo, mbali yomweyo, kudatulukira aPetro, amuna a mlongo wanga Febe. Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini wake sakumanizana panjira. Mmodzi amapatuka, n'kuima patchire mpaka mnzake adutse. Kale, njira zili za miyendo yokha, kupatuka kudali kuponda udzu basi. Koma tsiku limenelo kumanzere kwa amayi kudali mpanda wa minga wotchinga dimba la eni ake, ndiye adapatukira kumanja. Kumanjako ndiye kudali msewu. Munthu wosenza mtsuko satembenuza khosi. Lole yodzaza mabelo inkatsika pamtsetse.

APetro adaiona loleyo. Adandiuza pambuyo pake kuti pakamwa adayasama, koma mawu adachedwa. Zaka ziwiri ali pa ukamwini adali asanawalankhulepo apongozi awo mokweza, nanga akadayamba bwanji kuwakuwira? Pomwe ankati "Amayi!" n'kuti mtsuko utasweka kale.

Ine ndidali kusukulu ya zauphunzitsi ya mishoni, chaka chachiwiri. Uthenga udandipeza patapita masiku atatu, ndipo ndidafika atafotsera kale. Nditabwerera kusukuluko ndidangokhalako sabata ziwiri. Tsiku lina adandipatsa ana a kalasi yoyamba kuti ndiyesere kuphunzitsa, mutu wake kulemekeza akuluakulu. Ndidaima patsogolo pawo choko chili m'manja, tiana tija tikundiyang'ana. Ndidaika choko patebulo, n'kukapinda bulangete langa, ulendo wa kumudzi. Palibe adandithamangitsa. Ndidangochoka.

Bambo adatchona ku Halale ine ndikukwawa. Choncho amene adanditsalira adali Febe yekha, wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu, ndipo nthawi imeneyo adali ndi pakati pake poyamba.

Mudzi wathu uli kumpoto kwa msewu. Chitsime chili kumwera, kudambo, ndipo manda ali komweko, kuseri kwa dambolo. Olambula msewu sadafunse kuti anthu amamwa kuti, kapena amaikidwa kuti. Ndiye mkazi aliyense wa m'mudzi mwathu amawoloka msewu kanayi patsiku, kawiri ndi mtsuko wopanda kanthu, kawiri ndi wodzaza. Febe nayenso. Ine ndi aPetro tidayesa kukumba chitsime china kuseri kwa nyumba zathu. Tidakumba sabata yathunthu osalankhulana, chifukwa nthawi imeneyo sindinkatha kuwayang'ana kumaso. Titafika m'khosi tidapeza thanthwe, khasu n'kumalira ngati belu. Tidafotsera dzenjelo kuopa ana.

Ntchito ndidaipeza pakhonde la kantini ya Che Amisi, Myao wogulitsa mchere, sopo ndi nsalu. Adandilola kuika kabokosi pakona n'kumalembera amayi makalata opita kwa amuna awo ku Joni ndi ku Halale. Khondelo lidayang'ana pamtsetse penipeni. Kuyambira pamenepo maso anga sadaonenso china koma msewu.

M'nyengo ya fodya malole ankayamba dzuwa likutuluka. Akamatsika atalemedwa ankabwera ngati nkhunzi yolusa, fumbi lofiira lili pambuyo, ndipo fumbi la lole yoyamba linkabisa yachiwiri. Nkhuku sitinkaziwerenga n'komwe. Mbuzi ina idapondedwa mwana wake ali kubere. Bambo wina wa ku Mpingu, fodya wake atamanga panjinga, adamva hutala kumbuyo, adasokonezeka n'kukagwera m'ngalande. Adadzuka dzanja likulendewera, koma choyamba kufunsa chidali chakuti fodya sadaphwanyike kodi. Ndidazindikiranso chinthu china. Anthu athu akamva hutala sathawira mbali imene ili pafupi. Amathawira kumene kuli abale awo, ngakhale kukhale kutsidya kwa msewu. Mtsikana wina wa ku Namitete adatero ine ndikuona. Adapulumuka, koma mpaka lero amayendera ndodo.

Zonsezi ndinkaziona cholembera chili m'manja. Ndinkaimirira, kukuwa, kukhalanso pansi.

"Mwalimu, khalani pansi, mundithyolera khonde," ankatero Che Amisi. Ankanditchula choncho ngakhale uphunzitsi ndidauthawa. "Lole ilibe makutu. Malizani kalata ya mayiwa, mwawaimitsa pa moni."

Koma ikakwana nthawi yoti Febe awoloke, kalata inkaimadi, kaya pa moni kaya pakati pa liwu. Mimba idali itakula, mayendedwe ake atasintha. Tsiku lina ndidamudikirira pakhomo.

"Alongo, mtsukowo ndipatseni, ndizikutungirani ine."

Adaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Iwe Nowa, mwamuna ndi nkhata pamutu? Ufuna akazi anzanga andiimbe nyimbo posinja? Adzati kwa Febe kudabadwa atsikana okhaokha, wina adangovala kabudula."

"Aseke. Kuseka sikupha."

"Nanga ukanditungira ine, aRegina oyandikana nafewa awatungira ndani? Nanga enawo? Msewu ndi wa tonse, mbale wanga. Ndimayang'ana uku ndi uku. Sindine mwana."

"Amayi adali mwana?"

Adakonza nkhata, n'kusenza, n'kumapita. Mawu anga adandichititsa manyazi, komabe ndidamuperekeza ndi maso mpaka adawoloka.

Chapakati pa Juni kudagwa maliro pamudzi wina wa m'mbali mwa msewu womwewo, cha ku Namitete, ndipo ndidapitako. Pakagwa maliro pafupi ndi msewu, adzukulu amadula nthambi za masamba aawisi n'kuziyala mopingasa msewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi. Wa njinga akafika pamenepo amatsika n'kumaikankha. Woyenda pansi amavula chipewa. Zimenezi ndidakula ndikuzidziwa. Chimene ndidali ndisanachilabadire ndidachiona tsiku limenelo. Lole, chilombo chomwe chija, idafika pamasamba, kulira kwake n'kutsika, n'kuyamba kukwawa ngati nkhono, dalaivala chipewa chili pamwendo. Mwana akadatha kuyenda pambali pake. Palibe adamulamula munthuyo kuti atero. Adangoopa maliro.

Ndidabwerera kumudzi. M'mawa mwake kutangoyera ndidatenga chikwanje, n'kukadula nthambi za msuku. Zina ndidayala pamwamba pa mtsetse, zina kumunsi, kupitirira kanjira ka kuchitsime.

Lole yoyamba idafika akazi ali pamzere ndi mitsuko yawo. Ndidamva injini ikubwerera pansi. Idadutsa pang'onopang'ono, fumbi osadzuka n'komwe, dalaivala ataweramitsa mutu. Febe adawoloka kumbuyo kwake osathamanga. Tsiku limenelo ndidadya chakudya n'kumva kukoma kwake, koyamba chimwalirireni amayi.

Koma masamba salankhula ndi madalaivala okha. Dzuwa lisanafike pamutu kudatulukira amayi awiri ochokera njira ya ku Nsaru. Ataona masambawo adamanga nsalu m'chiuno, n'kulowa m'mudzi akulira mokweza. Adazungulira nyumba zonse kufunafuna siwa, n'kupeza anthu akusenda chinangwa. Potuluka adanditukwana mpaka agogo anga. Che Amisi adaseka, misozi n'kutsika.

"Mwalimu, mwatsegula sitolo ya maliro? Mundiuze ndiwonjezere nsalu yakuda."

Ine sindidaseke. M'mawa mwake ndidadulanso zina.

Patapita masiku anayi pakhondepo padabwera aObadiya. Adali nkhalamba, mkulu wa mpingo wathu, munthu wa chifuwa chosatha. Pa unyamata wawo adali mtengatenga, ndipo njira yomweyi adaiyenda wapansi, katundu wa azungu ali pamutu, msewu usanalambulidwe. Adakhala pathumba la mchere n'kupumira kaye.

"Kodi Nowa, wamwalira ndani m'mudzi mwathu, ine osandiuza? Kapena ndine, sindikudziwa chabe?"

"Palibe, agogo."

"Ndiye masambawo?"

"Ndi a amoyo."

"Ehe. Ndiye zimene udakaphunzira kumishoni zimenezi, eti?" Adatsokomola nthawi yaitali. "Akazi akuti ukulaula, ukuitana imfa. Ine zimenezo sindilimbana nazo. Imfa sidikira kuitanidwa, njira ya kuno ikuidziwa kale. Changa n'chimodzi. Masambawo si ako. Ndi mawu a mudzi wonse, ndipo ndi mawu okhawo amene anthu a m'malolewa amatimvera. Ukawatha, ine ndikadzafa mudzandiikira chiyani pamsewupo? Malaya ako?"

"Agogo, inu mukadzafa mudzakhala mutafa kale. Febe ali moyo."

Che Amisi adaleka kudula nsalu. Mawu otere sauza munthu wamkulu. Koma aObadiya adangondiyang'ana, maso ali ndi misozi ya chifuwa chija.

"Wanena zoona," adatero. "Koma ndi zoona za lero lokha."

Febe nayenso sadakondwe. Madzulo ena adandipeza ndikunola chikwanje, n'kukhala pambali panga movutikira, dzanja lili pamsana.

"Iwe, ndikamadutsa pamasamba ako aja ndimamva ngati ndikuponda maliro anga. Munthu wapakati sayenera kuyenda pa zinthu zotere. Anzanga kuchitsime akumandiyang'ana pamimba n'kumakhala chete."

"Pondani, alongo. Bola muwoloke."

"Udatengera amayi kuuma mutu."

"Inu mudatengera chiyani?"

"Mtsuko," adatero, n'kuseka pang'ono. Kenaka adandigwira pamutu monga ankachitira ndili mwana, n'kudzuka.

M'mawa wina ndikupita kukadula, ndidapeza mulu wa nthambi zodulidwa kale uli pamphambano, mame ali mbuu. Chapatali ndidaona msana wa alamu anga aPetro ukulowa m'munda. Kuyambira tsiku limenelo ankadula ndi iwo, ine n'kumayala. Sitidapangane, ndipo sitidakambepo.

Sabata zinayi zidatha popanda chopondedwa, ngakhale nkhuku. Ndidayamba kugona tulo. Makalata ndinkawamaliza bwinobwino. Ena m'mudzi adaleka kundiyankha moni, ena n'kumati mwanayu maphunziro adamuzungulitsa mutu, koma akazi ankawoloka akucheza, ndipo ine zidandikwanira.

Tsiku lina lole idaima pakantini penipeni. Mudatsika Kassimu, mwana wa mlongo wawo wa Che Amisi, amene adaphunzira kuyendetsa galimoto kunkhondo. Adali munthu wansangala, wa ndevu zometa bwino. Adapempha tiyi, n'kuponya chipewa pabenchi.

"Amalume, m'mudzi umu mwatsala angati? Mwezi wathunthu maliro tsiku ndi tsiku! Ndi nthomba kodi? Mundiuze ndisamwe madzi a kuno."

Che Amisi adandiloza ndi sizasi. "Funsa Mwalimu apo. Ndiwo eni ake maliro."

Ndikadatha kunama. Koma munthuyo adandiyang'ana ndi nkhope yachisoni chenicheni, wokonzeka kupepesa, ndipo ndidamuuza zonse. Adaseka mpaka tiyi kutayikira pabuluku. Kenaka kuseka kudatha.

"Achimwene, mukudziwa kuti lole yodzaza ikatsika mokwawa apa, chitunda cha kutsogoloko timakwera ndi giya yoyamba, injini ikuwira? Bwana amatidikira wotchi ili m'manja. Ukachedwa kawiri, chiwongolero apatsa wina. Ndiye ife tikuvula zipewa, tikuchedwa, tikutukwanidwa, kulira maliro a mtengo wa msuku?"

"Amayi anga adafera pomwepo."

"Ndidamva. Pepani kwambiri. Sindidali ine." Adayang'ana m'kapu. "Inenso ndili ndi amayi ku Kabudula, amasenza mtsuko ngati anuwo. Mukuganiza kuti tikamatsika apa timakondwa? Mabuleki a lole yanga, mukawaponda lero amagwira mawa."

"Ndiye musawauze anzanu."

"Ine sindinena. Koma madalaivala si ana. Akufunsana kale kusikelo ya fodya. Wina akuti sadaonepo anthu atasonkhana, wina akuti sadamvepo nyimbo. Wina adakuonani inu mukuyala, akuti mnyamata wamtali wa malaya oyera." Adatenga chipewa chake. "Lekani, achimwene. Mwina simudachedwe."

Sindidaleke. Ndikadaleka bwanji, Febe atatsala ndi miyezi iwiri? Ndipo sindidziwa ngati Kassimu adanena kapena ayi. Sindimuimba mlandu.

Patapita masiku atatu lole ina idafika pamasamba osatsitsa liwiro. Nthambi zidathyoka pansi pa matayala, zina n'kuulukira m'mwamba. Dalaivala adatulutsa mutu n'kukuwa, "Pepani maliro!" Adapita akuseka. Tsiku lotsatira adatero awiri. Sabata isanathe ankangotsika pang'onopang'ono ndi Kassimu yekha ndi mkulu wina, ndipo kenaka mkuluyo naye adaleka. Kumapeto kwa Julayi ndidapachika chikwanje. Msewu udabwerera mwakale, ine n'kubwerera pakhonde, kuimirira, kukuwa, kukhalanso pansi.

AObadiya adamwalira m'mwezi wa Ogasiti, chifuwa chija. Adzukulu adapita kukayala masamba monga mwa mwambo. Pobwera mmodzi wa iwo adandiyang'ana n'kulavula pansi.

Ndidadziwa chimene chidali m'mitima ya onse. Maliro adayenera kuwoloka msewu kupita kumanda, ndipo udali mkati mwa sabata, msika uli pakati. Ndidapita kwa Febe.

"Alongo, lero musapite."

"Ndisapite kwa aObadiya? Amene adaimira ukwati wanga? Nanga nyimbo ayambitsa ndani, poti aRegina mawu adatha dzulo?"

"Ndi mimba imeneyo?"

"Kumanda sindilowa, ndikudziwa. Ndingoperekeza mpaka kudambo, ndibwerera. Anthu onsewa, Nowa. Lole ingaponde mudzi wonse?"

Ndidauza aPetro kuti ine ndikaima pamwamba pa mtsetse, kupitirira masamba, kuti ikabwera lole ndiimitse ndi manja. Adavomera ndi mutu. Iwo adali m'gulu la onyamula chithatha cha maliro.

Dzuwa lidali pamutu. Kuchokera pamene ndidaima, msewu umakhota pang'ono, ndipo powolokera sipaoneka. Ndinkangomva nyimbo ikutuluka m'mudzi, liwu la Febe lili patsogolo, ena akuvomera. Idayandikira msewu. Nthawi yomweyo ndidamva kulira kwa injini kuchokera kumadzulo.

Ndidavula malaya, n'kuima pakati pa msewu, n'kumawakupiza ndi manja onse awiri. Ndidakuwa kuti "Maliro! Maliro enieni!" Loleyo idakula m'maso mwanga. Dalaivala adandiona bwinobwino. Ndidaona nkhope yake ikusintha, osati ndi mantha ayi, koma monga munthu akazindikira mnzake wa nthabwala. Adaliza hutala katatu mosewera, adakhotetsa pang'ono kundilambalala, mano ali poyera. Adaponda masamba a aObadiya n'kukhota.

Pamenepo m'pamene ndidazindikira. Pakadaima munthu wina aliyense, mwina akadaima. Adaona ine.

Ndidathamanga m'fumbi osaona kanthu. Ndidamva nyimbo ikuduka pakati, kenaka mabuleki akulira, kulira kwautali, ndi mfuu ya akazi.

Fumbi litatsika ndidapeza lole itaima chopingasa, matayala akutsogolo ali m'mphepete. Sidagunde munthu. Chithatha chidali pansi pakati pa msewu pomwe onyamula adachiponya, mphasa itamasuka, phazi la aObadiya lili panja, loyera ndi fumbi. Phazi lomwe lidayenda njira imeneyi usanakhale msewu. Akazi adali atathawira mbali imodzi, onse pamodzi, n'kugwerana m'ngalande. Adayamba kudzuka mmodzimmodzi. Febe adali pansi pa onse.

Dalaivala adatsika. Adali bambo wa imvi, si mnyamata ayi. Chipewa adachigwira ndi manja awiri pachifuwa.

"Pepani, abale anga, pepani. Ndimayesa ndi aja a masiku onse. Ndidaona mnyamata yemwe uja." Adatembenuka, n'kundipeza ndaima pomwepo malaya ali m'manja. "Uyu."

Anthu onse adandiyang'ana. Palibe adandimenya. Ndidalakalaka wina atandimenya.

Febe adatulutsidwa m'ngalande. Adadzisasa fumbi, n'kunena kuti ali bwino, angoti dzanzi m'chiuno. Amuna adakulunganso mphasa, n'kunyamula chithatha. Padalibe woyambitsa nyimbo. Kenaka adayambitsa ndi Febe yemweyo, ndipo maliro adawoloka.

Dzuwa likupendeka mimba idayamba kumupweteka. Azamba adalowa m'nyumba, ife amuna n'kutiuza kuti tichoke pakhomo. M'mawa mwake aRegina adatuluka, n'kubwera pamene tidakhala ine ndi aPetro, pansi pa nkhokwe. Adagwada chapatali.

"Mayi ali moyo," adatero motsitsa mawu. "Koma zinazo zalephereka. Adali wamwamuna."

Mwana wobadwa wakufa kwathu kuno timati mtayo. Mtayo saulira. Sakhoma bokosi, saimba nyimbo, satumiza uthenga kumidzi. Amakataya ndi amayi akuluakulu okha, m'mphepete mwa manda, padzenje losaya, ndipo amuna sayandikirako, ngakhale bambo wake.

Ndidadzuka osadziwa chimene ndikuchita. Ndidalowa m'nyumba mwanga, n'kutsitsa chikwanje chija. Potuluka ndidapeza aPetro ataima pakhomo. Adandigwira pamkono. Kadali koyamba kundikhudza chimwalirireni amayi.

"Alamu, mtayo saikira masamba."

"Ndikudziwa."

"Ndipo ngakhale mukadaika."

Sadamalize. Adandilanda chikwanjecho n'kuchitsamiritsa kukhoma. Tidabwerera pansi pa nkhokwe paja, pamene pamaonekera msewu pakati pa nyumba ziwiri.

Amayi anayi adatuluka m'nyumba ya Febe, wapatsogolo atafukata kanthu kakang'ono kokulunga m'nsanza, wapambuyo atatenga khasu. Sadalire, monga mwa mwambo. Atafika pamsewu adaima, chifukwa kumtunda kunkamveka injini. Lole idadutsa ndi liwiro lake lonse, fumbi n'kuwakwirira. Adadikira, poopa kuti m'fumbimo mungakhale ina. Kenaka ndidaona nkhalamba zinayi zija zikuthamanga kuwoloka msewu, nsalu zitagwiridwa m'manja, mwana wa mlongo wanga akugwedezeka pachifuwa cha wapatsogolo.

APetro adaphimba nkhope ndi manja. Ine ndidayang'anabe mpaka adalowa m'dambo.

Febe adagona mwezi wathunthu. Sadandinenepo liwu loipa, ngakhale limodzi, ndipo chimenechi ndicho chimandilemera koposa. Nditalowa kukamuona koyamba ndidagwada pakhomo. Iye adangoti, "Wawonda, Nowa. Akukuphikira ndani?" Atachira adatenga nkhata yake pamsomali, n'kusenza mtsuko.

Chichitikireni zimenezi m'mudzi mwathu mwagwa maliro awiri. Adzukulu amayalabe masamba, poti ndi mwambo. Malole ena amatsitsa liwiro, ena ayi, ndipo palibe angadziwiretu kuti ikubwerayo ndi iti. Tsopano onyamula chithatha amaima m'mphepete, kumvetsera, n'kuwoloka chothamanga, nyimbo itaimitsidwa. Midzi ina yonse ya m'msewu uno maliro awo amawoloka akuyenda. Athu okha ndiwo amathamanga.

Ine ndikadali pakhonde la Che Amisi. Adaleka kundiuza kuti ndikhale pansi. Mvula yatha, fodya ali kale m'zigafa, utsi ukufuka m'midzi monse, ndipo akuti chaka chino wabereka kuposa chatha. Msika utsegulidwa mwezi wamawa. Dzulo Febe podutsa ndi mtsuko adaima pang'ono pamphepete, dzanja limodzi lili pamsana. Kaimidwe kameneko ndimakadziwa.